Namwino akaona zavuta ku fiyeta

Nkhani ya Elaine Bromiley ndimaifotokozera namwino aliyense watsopano amene wabwera kudzagwira nafe ntchito ku fiyeta. Mayiyu, wazaka 37, analowa m'chipatala ku England mu 2005 kukachitidwa opaleshoni yaing'ono ya m'mphuno. Atamugonetsa, chubu chopumira chinakanika kulowa pakhosi. Madokotala odziwa bwino ntchito anaunjikana kumutu kwake, kuyesa, kuyesanso, uku mpweya m'magazi ukungotsika. Anamwino anaona kuti zathina: wina anabwera ndi zida zoboolera pakhosi, wina anakapezeratu bedi ku ICU, wodi ya odwala mwakayakaya. Palibe anawalabadira. Elaine anamwalira patatha masiku 13, ubongo utawonongeka.

Mwamuna wake Martin, woyendetsa ndege, sanafune kuti wina achotsedwe ntchito. Anapempha kuti afufuze monga amachitira ndege ikagwa, kuti zidziwike mmene anthu aluso chonchi anasokonekera.

Ine chimandipweteka ndi anamwino aja, chifukwa ndimadziona mwa iwo. Kuno tinaleredwa kuti wamkulu salakwa. Ukaona thonje limodzi lasowa pomwe akutseka mimba, loti mwina latsalira m'mimbamo, pakamwa pamangotuluka kuti, "Adokotala, kaya mwina..." Mawu a ulemu, inde, koma munthu amene maso ali pabala sawamva.

Ndiye bwerani ku msonkhano wounika imfa ya mayi woyembekezera. Malamulo a msonkhanowu amati sitiloza munthu chala. Koma ndakhalamo m'misonkhano ina momwe funso loyamba limakhala lakuti, "Anali pa duty ndani?" Zikatero basi, aliyense amayamba kuteteza khungu lake, fayilo n'kumaoneka yoyera kuposa zomwe zinachitika usikuwo. Zoti magazi kunalibe, ambulansi inalibe mafuta, mzamba anali yekha ndi amayi odzaza wodi, zimatchulidwa mothamanga anthu akuyang'ana kale kukhomo.

Mu 2008 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa checklist, mndandanda wa mfundo 19 zoyenera kutsimikizira pochita opaleshoni. Anaiyesa m'zipatala 8, china cha ku Ifakara ku Tanzania, ndipo imfa zinatsika kuchoka pa 1.5 kufika pa 0.8 peresenti. Mfundo imene anzanga amaiseka kwambiri ndi yoti mpeni usanakhudze khungu, aliyense atchule dzina lake ndi ntchito yake. Amati tikudziwana kale, n'kutayiranji nthawi? Ine ndimaumirira. Mtsikana amene watsegula pakamwa kamodzi pamaso pa adokotala savutika kutsegulanso thonje likasowa. Ndipo ndimamuuza aleke "kaya mwina", anene mokweza kuti, "Adokotala, imani kaye, thonje silinakwane."