Zikomo inu amene munandipempherera nthawi imene ine ndinasiya

Abale anga, usiku wapitawu ndagona m'nyumba yanga koyamba chichokereni ku Chilobwe. Ndi ya zipinda ziwiri, pulasitala sitinapake, zenera limodzi tatchinga ndi saka kaye, koma ndi yanga, ndiye ndati ndisadye kaye kanthu ndisanathokoze pagulu.

Ambiri mukudziwa zimene zinachitika pa 13 Marichi 2023. Mvula ya Freddy inali itagwa usiku wonse osakata, kenako tinangomva chiphokoso kuchokera kuphiri la Soche ngati malole ambiri akutsitsa miyala nthawi imodzi. Napolo ameneyo. Ine ndinathawa ndi ana awiri, chitenje chimodzi ndi foni basi. Nyumba, makina anga osokera, mayunifomu a ana asukulu amene makolo anali atalipira kale, zonse zinapita ndi matope. Mng'ono wanga anabwerera kukatenga mwana wa aneba, mwanayo alipo mpaka lero ali sitandade 3, koma mng'ono wangayo tinakamupeza patapita masiku awiri.

Ndinene chilungamo poti ena mumandiona ndi yunifomu ya Mvano mumvekere amayi awa ndi olimba. Sindinalimbe ayi. Dziko linalira masiku 14, ine ndinakwiya pafupifupi chaka chathunthu. Ku msasa kuja tinkagona m'kalasi anthu odzaza, madzulo azimayi akayambitsa nyimbo ine ndinkatembenukira kukhoma n'kufunda chitenje kumutu. Ndinkati Mulungu wake uti, amene anaona mtsikana akuthamangira kukapulumutsa mwana wa eni n'kumusiya apite? Baibulo wina anandipatsa latsopano ndinkangotsamira ngati pilo, osalitsegula.

Ndiye panali ena obwera kudzandiuza kuti ndidzifufuze mwina pali tchimo kubanja kwathu, ena akuti ndipereke kambewu kuti tsoka lichoke. Munthu alibe ngakhale safuliya mukumuuza za kambewu, eish. Ndinakukhululukirani koma chonde musadzakanenenso zimenezo kwa wofedwa.

Amene ndikufuna kuthokoza kwambiri ndi gogo ena a kumlaga kwathu, dzina sinditchula poti sakonda zotchulidwa, ndipo pa Facebook pano palibe, adzukulu awo awawerengere. Gogowa ankabwera ndi kakontena ka phala, n'kukhala pambali panga pamkeka. Sanandilalikire ngakhale tsiku limodzi. Tsiku lina ndinawauza mwaukali kuti agogo ine zopemphera ndinasiya, iwo anangoti “palibe kanthu mwanawe, ndizikupempherera ine, iwe uzingodya phalali.” Anachitadi zimenezo miyezi ndi miyezi, ngakhale nditasamukira kwa achemwali ku Bangwe ankakwera minibasi ndi ndalama zawo.

Ndi iwowo anandiwerengera Habakuku 3, paja mneneri akuti ngakhale mkuyu usaphuke, m'munda mulibe chakudya, m'khola mulibe ng'ombe, iye adzakondwerabe mwa Yehova. Ndinawafunsa kuti ndiye kuti munthuyu zinamuyendera pambuyo pake? Iwo akuti buku silinena, limathera pomwepo zinthu zisanasinthe. Sindikudziwa chifukwa chake koma zimenezo ndi zimene zinandigwetsa misozi, kuti m'Baibulo momwemo muli munthu amene anayamba ndi kufunsa Mulungu kuti ndidzafuula mpaka liti inu osamva, ndipo Mulungu sanamuthamangitse. Pemphero langa loyamba linali lamwano ndithu, ndinangomuuza zonse zimene zinali kukhosi. Koma linali pemphero.

Zikomo azimayi a banki mkhonde amene munandibwereka ndalama ya makina a kaunjika musanaone ngakhale chikole. Zikomo achimwene ku Joni, ndikudziwa mumagona anthu anayi chipinda chimodzi kuti muzitumiza kangachepe. Mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti simenti inakwera ndalama yanga ya matumba khumi n'kukwana ochepa chabe, ndinafuna kugulitsa puloti, alamu anga ndi anyamata a kwaya anati ayi, tiumba zidina tokha. Anaumba Loweruka lililonse, malipiro ake nsima ya bonya. Abusa ndi amayi busa, zikomo poti simunandidule kapena kundikalipira pamene ndinasowa kutchalitchi, munkangotumiza moni. Makolo a mayunifomu aja, ambiri munakana kuti ndikubwezereni, Mulungu akuonjezereni pomwe munachotsapo.

Sikuti ndachira kwathunthu ayi. Mvula ikayamba kugunda pamalata usiku ndimadzuka n'kuyamba kuwerenga ana, ndipo funso lija loti chifukwa chiyani mng'ono wanga silinayankhidwe, ndimapita nalo kutchalitchi Lamulungu lililonse n'kubwera nalo. Kungoti pano ndimalifunsa nditagwada.

Loweruka likubwerali 2 koloko masana kuli mapemphero otsegulira nyumba. A kumlaga mukudziwa kale njira, enanu ndilembereni ku inbox ndikulozereni. Mipando ilipo isanu yokha ndiye azimayi tengani zitenje zoyala, thobwa ndiphika ndekha. Wina amene ali ndi galimoto chonde adzawatengeko gogo aja, miyendo ikuwavuta masiku ano.