Ku Mbale, komwe ana amaphunzira Chihebri ndi kumanga misasa

Anthu akwathu akapita ku Uganda ambiri amathera ku Kampala, akatalikitsa ndiye ku Jinja kukaona pomwe mtsinje wa Nile umatulukira m'nyanja ya Victoria. Ine ntchito yomwe inandipititsa ku Kampala itatha, ndinakwera basi ya ku Mbale, kum'mawa kwa dzikolo, mtunda wopitirira makilomita 200. Chinandikokera kumeneko ndi sukulu. Ndine mphunzitsi wa pulayimale, ndipo ndinali nditamva kuti kuderalo kuli Ayuda akuda ngati ife, otchedwa Abayudaya, omwe ali ndi sukulu zawozawo. Ndinkafuna ndidzionere ndekha momwe mwana wa kuno ku Africa amaphunzirira Chihebri, choncho ndinakonza ulendowu kuti ukumane ndi Sukkot, chomwe m'Baibulo lathu timawerenga kuti chikondwerero cha misasa.

Za msewu sindichulukitsa. Mumadutsa minda ya nzimbe, kuwoloka Nile pa mlatho watsopano wa ku Jinja womwe unatsegulidwa mu 2018, kenako Iganga ndi madambo a mpunga, mpaka phiri la Wanale litayamba kuoneka kumbuyo kwa tauni. Wanale ndi mbali ya phiri lalikulu la Elgon la m'malire ndi Kenya. Kuchoka m'tauni ndinakwera njinga yamoto, yomwe kumeneko amati boda boda, kulowera kuchitunda cha Nabugoye. Apo ndiye pali sunagoge wamkulu wa Abayudaya ndi sekondale ya Semei Kakungulu, ndipo chapafupi pali pulayimale ya Hadassah.

Dzina la Kakungulu ndi lomwe limafotokoza momwe Chiyuda chinafikira pakati pa minda ya nthochi imeneyi. Iye anali mkulu wa asilikali wa mtundu wa Baganda, anathandiza Angelezi kugonjetsa madera a kum'mawa kwa Uganda, ndipo tauni ya Mbale anaiyambitsa ndi iyeyo. Atakhumudwa ndi atsamunda, anazama powerenga Chipangano Chakale m'Chiganda, ndipo mu 1919 anadzidula pamodzi ndi ana ake aamuna n'kulengeza kuti iye ndi omutsatira asunga malamulo a Mose. Panalibe mishonale wachiyuda amene anabwera kudzawakopa. Anawerenga okha n'kusankha okha. Kakungulu anamwalira mu 1928 koma gululo linapitirira. Mu 2002 arabi, omwe ndi aphunzitsi a chipembedzo chachiyuda, anabwera kuchokera kunja kudzalandira mazana a iwo m'Chiyuda mwamwambo, ndipo mu 2008 mwana wa pamudzipo, Gershom Sizomu, anadzozedwa kukhala rabi atamaliza maphunziro ku Los Angeles. Iyeyu anadzakhalanso phungu wa Nyumba ya Malamulo mu 2016.

Aphunzitsi omwe anandilandira anandikhazika kumbuyo m'kalasi ya ana aang'ono, pa desiki imodzi ndi atsikana awiri. Maphunziro a m'mawa anali omwewa tonse timawadziwa: masamu, Chingelezi, sayansi, motsatira silabasi ya boma. Koma itakwana nthawi ya Chihebri, aphunzitsi anachoka kumanzere kwa bolodi n'kukaima kumanja, chifukwa chinenerochi chimalembedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere. Ana nawo anatembenuza makope awo n'kuwatsegula kuyambira kumbuyo, popanda wowauza.

Chihebri chili ndi zilembo 22, ndipo mavawelo sali m'gulu la zilembozo. Amaonetsedwa ndi timadontho ndi timizere pansi kapena pambali pa chilembo. Tsikulo ankaphunzira chilembo chimodzi cha mano atatu. Kadontho kakakhala pamwamba chakumanja chimatchedwa shin ndipo chimamveka sh. Kakakhala chakumanzere ndi sin, chimamveka s. Aphunzitsi ankafufuta kadontho ndi chala, n'kukaikanso mbali ina, ana n'kumafuula mawu ake pamodzi. Kamnyamata kena kovala kipa yoluka, kachipewa kozungulira komwe amuna achiyuda amavala, kanaitanidwa kubolodi. Kanajambula chilembocho bwinobwino koma kadontho kanakaika pakati penipeni. Kalasi yonse inaseka. Aphunzitsi sanakakalipire. Anangokafunsa kuti, "Mwana wanga, tiwerenge bwanji pamenepa?" Kanayang'anitsitsa bolodi kwa kanthawi, kenako kanafufuta ndi chigongono n'kuika kadontho kumanja. Ndinakondwa ndi kafunsidwe kameneko, chifukwa mwana analipeza yekha vuto lake.

Ndipo kufunsa ndiye kunali mtima wa phunziro lotsatira, la malamulo a msasa. Aphunzitsi sanalembe mndandanda pabolodi kuti ana akope. Ankaponya funso n'kusiya ana akangane. Kodi denga la msasa lingakhale la malata? Ayi, liyenera kukhala la zomera zomwe zadulidwa kale, monga nthambi, nsungwi kapena masamba a nthochi. Nanga tikamanga pansi pa mtengo wa mango kuti mthunzi ukhalepo kale? Apo ana anagawanika, ena akuti n'zotheka, ena akuti ayi, mpaka mtsikana wina anakumbutsa anzake kuti mtengowo sunadulidwe, ndiye mthunzi wake si wa msasa. Denga lizipereka mthunzi wochuluka kuposa dzuwa, koma lisathithikane kwambiri, kuti usiku munthu athe kuona nyenyezi. Mnyamata wina anafunsa funso lomwe inenso linali m'mutu mwanga, poti nyengo imeneyi ku Mbale mvula imakhala ikugwa: nanga ikabwera tili pakati pa chakudya? Aphunzitsi anayankha kuti arabi akale analemba kale zimenezi mu Mishnah, buku lawo la malamulo: mvula ikafika poti phala likuwonongeka m'mbale, munthu ndi womasuka kulowa m'nyumba. Ana anaseka kwambiri, chifukwa phala ndi lomwe amamwa nthawi yopuma.

Ine ndakhala zaka ndikuphunzitsa za ana a Isiraeli m'chipululu, ndipo ndime ya Levitiko 23 yonena zokhala m'misasa masiku asanu ndi awiri ndimaidziwa. Koma kumeneko ndime imeneyi imachoka m'buku n'kupita m'manja. Masana omwewo ana akuluakulu anatuluka ndi zikwanje moyang'aniridwa ndi aphunzitsi, ang'onoang'ono n'kumakoka masamba a nthochi aatali kuwaposa. Mitengo inazikidwa, mbali zitatu zinatchingidwa, denga linayalidwa. Msasawo unkafanana ndi zisakasa zomwe timamanga pa ukwati kumudzi. Atsikana anapachika zinanazi, mapeyala ndi phava la nthochi ndi luzi, komanso mapepala ojambulidwa m'kalasi, ena olembedwa zilembo zija anaphunzira m'mawa.

Apa ndi pomwe ndinazindikira bwino kuti si ana onse a pasukulupo omwe ndi Ayuda. Ambiri ndi Akhristu ndi Asilamu a m'midzi yozungulira. Mtsikana wina yemwe ankandigwirira luzi anandiuza m'Chingelezi kuti iye ndi Msilamu, ndipo kulemba kuchokera kumanja sikumudabwitsa chifukwa ku madrasa amalemba Chiarabu chimodzimodzi. Sindinaone mwana aliyense akukakamizidwa kupemphera pemphero la mnzake, komanso sindinaone wina akusalidwa pa ntchito kapena pa mbale. Makolo awo nawonso anayamba kale kugwirira limodzi: m'derali muli kopaletivi ya alimi a khofi yotchedwa Mirembe Kawomera, yomwe inasonkhanitsa Ayuda, Asilamu ndi Akhristu. Kwa ine zimenezi n'zolemera kuposa nyumba iliyonse yomwe ndinaona paulendowu.

Chikondwerero chinayamba dzuwa litalowa, poti tsiku lachiyuda limayamba madzulo. Amayi anayatsa makandulo, mdalitso unanenedwa pa chakumwa ndi pa buledi, kenako mdalitso wapadera wokhalira mumsasa. Tinadya matooke, nthochi zophika zokulungidwa m'masamba ake n'kuzikanya, ndi nyemba, msuzi wa nsinjiro ndi posho, yomwe ndi nsima yawo. Nyama ya nkhumba sadya, ndipo nyama ndi mkaka siziphatikizidwa pa chakudya chimodzi. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri ndi amene anandifotokozera zimenezi, mosadodoma.

M'mawa mwake kusunagoge ndinaona zomera zinayi zomwe Levitiko amatchula: nthambi ya kanjedza, nthambi za mchisu ndi za msondodzi zomangidwa pamodzi, ndi chipatso chonga ndimu yaikulu chotchedwa etrog. Amazigwira pamodzi n'kuzigwedeza mbali zisanu ndi imodzi: kutsogolo, kumanja, kumbuyo, kumanzere, kumwamba ndi pansi. Akulu atamaliza, ana anafola kuti aliyense agwireko, ndipo wina akasokoneza mbali, mnzake wa m'kalasi ndi amene ankamunong'oneza. Mapemphero anali m'Chihebri, koma masalimo ambiri amawaimba m'Chiganda, ndi mayimbidwe akwawo omwe, wina kutsogolera ena kuvomera. Sindinkamva mawu onse, koma ena ankamveka pafupi ndi athu, ndipo thupi linkadziwa pomwe liyenera kuvomera.

Ndili mumsasa masana ena, ndinacheza ndi agogo ena aamuna omwe anali mnyamata m'nthawi ya Idi Amin. Amin analamulira kuyambira 1971 mpaka 1979, ndipo analetsa Chiyuda. Masunagoge anatsekedwa, ena anagwetsedwa, anthu ambiri analowa zipembedzo zina chifukwa cha mantha, n'kutsala mazana ochepa chabe omwe ankapemphera mobisa. Boma lake linagwa pa 11 Epulo 1979, tsiku lomwe madzulo ake Pasika wa Ayuda ankayamba, ndipo Abayudaya amakumbukira zimenezo chaka chilichonse pa chakudya cha Pasika. Agogowo analoza adzukulu awo omwe ankathamangitsana pakhomo la msasa n'kundiuza kuti, "Mayi, ife zilembo zimenezi tinkaphunzira chitseko chili chotseka. Awa akuzifuula pabwalo." Pamenepo ndinamvetsa chifukwa chomwe gulu laling'ono chonchi, la anthu zikwi zochepa, linaika mphamvu zake pa sukulu. Mbadwo umodzi wokha ukapanda kuphunzira kuwerenga, mpukutu wa Torah, womwe ndi mabuku asanu a Mose, ukhoza kukhalapo koma wopanda woutsegula.

Mapeto a nyengoyi ndi Simchat Torah, tsiku lomwe amamaliza kuwerenga mabuku asanu a Mose n'kuyambiranso pomwepo. Chaka chonse, Sabata lililonse amawerenga gawo limodzi, ndipo tsikuli amawerenga za imfa ya Mose kumapeto kwa Deuteronomo, kenako n'kubwerera ku Genesis 1. Mipukutu inatulutsidwa m'kabati yake yopatulika, anthu n'kuzungulira nayo kasanu ndi kawiri, akuimba ndi kuvina, amayi akuimba nthungululu. Ana anali patsogolo. Mumpukutu mulibe timadontho ta mavawelo tija, choncho wowerenga ayenera kukhala atakonzekera ndithu. Mnyamata wa kusekondale ndi amene anawerenga ndime zoyamba za Genesis, akutsatira mzere ndi kandodo kokhala ndi kadzanja kumapeto kwake, poti zilembozo sazikhudza ndi chala. Aphunzitsi ake a kupulayimale anaima pambali, milomo ikuyenda limodzi naye.

Chikondwerero chitangotha, ana a P7, kalasi yomaliza ya pulayimale, anabwerera m'kalasi mbandakucha, chifukwa mayeso a boma omaliza pulayimale anali pafupi. Wofuna kupitako adziwe kuti Sukkot imasuntha chaka ndi chaka pakati pa Seputembala ndi Okutobala potsata kalendala yachiyuda, ndipo ndi bwino kulembera akuluakulu a pamalopo musananyamuke. Pa Sabata ndi pa masiku opatulika foni ndi kamera zizikhala m'chikwama, ndipo musajambule ana popanda chilolezo cha aphunzitsi. Ngati muli ndi malo m'chikwamamo, tengani makope ndi mapensulo mukasiye kuofesi ya ahedi.