Loweruka: magetsi atazima, tinayamba ndagi

Lero tinayenera kuyeserera sewero lonse kuyambira poyamba mpaka pothera, koma magetsi anazima tisanafike ngakhale pakati. M'holo ya tchalitchi imene timabwereka kuno ku Ndirande mazenera ndi ochepa, ndiye pepala silimawerengeka. Adairekitala anati tidikire. Tili chikhalire pamabenchi, mtsikana amene amasewera ngati apongozi anangoti, "Ndagi!" Tonse, ndi a ndevu omwe, "Gize!"

Anayamba ndi yakale ija ya nyumba yopanda khomo, ndipo "dzira" linatuluka pakamwa pa aliyense nthawi imodzi. Apo m'pamene tinagwirizana lamulo: ndagi ikhale yopeka pompano, ndipo ikhale ya zisudzo basi.

"Nyumba yanga ili ndi makoma atatu, koma alendo adzaza mbali yopanda khoma." Siteji. Imeneyi inali yosavuta.

"Ndinamwalira dzulo, lero ndamwaliranso, koma kwathu sanamve uthenga." Tinayang'ana mnyamata amene amabayidwa kumapeto kwa sewero lathu, iye n'kugwa pabenchi monga amachitira.

Yanga inali iyi: "Masana ndiweruza milandu, madzulo ndipempha ya minibasi." Palibe anachedwa kuyankha, poti amene amavala mkanjo wa amfumu anali atabwereka kale ndalama kwa anthu awiri. Anaseka nafe, koma kuseka kwake kunali kwa mano okha. Ndalama za pakhomo tikagawana, ukachotsa za holo ndi za zokuzira mawu, zotsala sizifika patali.

Imene inatigonjetsa inachokera kwa madala athu, amene anayamba zisudzo m'nthawi ya Kamuzu: "Ndinapita kwa ometa ndi ndevu zonse, ndinabwerako wopanda lilime." Tinayesa lumo, tinayesa chigoba cha kumaso, mpaka tinawapatsa ng'ombe za pakamwa kuti atiuze. Yankho: sewero lochokera ku Censorship Board, bungwe la boma lounika masewero.

Ndiye anafotokoza. Pansi pa lamulo la 1968, sewero silinkaonetsedwa lisanawerengedwe ndi bungwe limenelo, ndipo mizere ina inkabwera itafufutidwa. Olemba anaphunzira kuphiphiritsa. Papepala pamakhala kalulu ndi njovu, kapena mfumu ya mudzi wakalekale, koma anthu m'holo ankadziwa amene akunenedwa. Wosewera ankangochedwetsa liwu limodzi, kapena kuponya diso kumbali, holo n'kuphulika. "Ana inu," anatero, "wofufuta amafufuta inki. Diso angalifufute bwanji?"

Anakumbuka masiku odzaza ku French Cultural Centre, imene lero ndi Blantyre Cultural Centre, pamene Du Chisiza Jr ndi gulu lake la Wakhumbata, lomwe analiyambitsa mu 1987, ankakoka khamu ndi masewero a Chingerezi, a gulu la zisudzo la Kwathu nawo akukoka lawo m'Chichewa. Anatchulanso Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi, amene anatisiya mu 2016 ndi 2021. Kwa ine awiriwa luso lawo lalikulu linali kusamvana mwadala: wina anena, mnzake amva zina, oonera ali pakati akudziwa zonse ziwiri.

Zimenezi zinatifikitsa pa mzere umene wakhala ukutivuta. Pali pamene wogula afunsa kalipentala za mpando: "Mtengo wake ndi wotani?" Kalipentala ayankha, "Mlombwa, bwana." Papepala zimaseketsa. Pasiteji zimafa, chifukwa wogula wathu amatchula mawuwo momveka bwino kwambiri, khutu n'kumva msanga kuti akunena za ndalama, kalipentala n'kuoneka wopusa m'malo mwa wochenjera. Madala anamuuza kuti afunse akugogoda mpandowo ndi chala, maso ali pa thabwa, mawu akuwameza pang'ono. Anayesa mumdima momwemo, ndipo kugogoda kokhako kunatiseketsa.

Magetsi anayaka dzuwa litapendeka. Adairekitala akufuna ndagi zija zitsegulire sewero. Ine ndakana ya minibasi, poti oonera alipira kudzaona amfumu, osati kudzamva ngongole zawo. Ya makoma atatu yalowa, ya ometa ikukambidwabe. Lachitatu tikumananso, ndipo aliyense wauzidwa kubwera ndi tochi.