Zikomo Kasungu, koma makamaka azakhali anga

Ndafika pakhomo cha m'ma 1 koloko usiku, zala zikuwawa, mawu asasa, koma tulo sitikubwera. Bola ndilembe pompano mtima udakali wotentha.

Zatheka abale anga. Nyimbo 11, ine ndi gitala basi, popanda ng'oma kapena kiyibodi yobisalirako. Inu amene munali nane mukudziwa kale: maliro a amayi, kenako mmero kutsekeka miyezi 7, adokotala n'kundiletsa ngakhale kwaya. Sindibwerezanso zimenezo. Ambuye, misozi ija munaiona ndinu, landirani ulemu.

Azakhali anga aNaphiri, ndiyambire pati?

Anthu amandifunsa kuti nyimbozi ndimazitenga kuti. Kwa iwowa. Yoyamba ija, imene ndimamenya thupi la gitala ndi chikhato, si za kusukulu ayi, ndi minsi iwiri mumtondo umodzi. Amayi anali pa chitengwa kwa Chulu, ndiye ankasinja ndi alamu awowa moyang'anizana, wina akakweza wina akutsitsa, nyimbo ili pakamwa. Nyimbo zake zonyoza amuna aulesi, eni akewo ali pomwepo pa bawo akumva, koma dzina osatchulidwa. Mawu amene ukawayankhula angakufikitse kubwalo la amfumu, pamtondo ankadutsa bwinobwino. Ine mpaka lero ndimapeka choncho.

Ya gaga ija ndiye inandivuta kuimaliza usikuwu. Njala ya 2002 inandipeza ndili ndi zaka 8. Azakhali ankalawirira kukagwira ganyu kumaesiteti, n'kubwera dzuwa litapendeka ndi kambale ka gaga. Akatiphikira ankakhala chapatali n'kumati, "Idyani ana inu, ine ndadya kale komweko." Ndadziwa ndili wamkulu kuti linali bodza. Nditafika pa mawu amenewo ndinawaona pampando wakutsogolo ataphimba nkhope ndi chitenje, ine n'kuiwala ndime yachiwiri. Amene munaganiza kuti kukhala chete kuja ndi luso, pepani, kunali kulira.

Ya njovu ndi yawonso. Chibwerereni njovu 263 zija kuchokera ku Liwonde mu 2022, kwathu kufupi ndi paki anthu amachezera kumunda akumenya zigubu ndi zitini. Kamenyedwe kameneko ndi kamene ndinaika mu nyimboyo.

Nanga gitalayo? Khosi lake linathyokera mu minibasi pochokera ku Lilongwe, thumba la wina litaitsamira. Ndinangoiponya kuseri kwa chitseko, poti mawu omwe ndinalibe. Fodya wawo atagulidwa ku Chinkhoma, azakhali anabwera n'kumasula mfundo ya pachitenje. Ndinakana, chifukwa ndikudziwa mmene anasokera fodya ameneyo m'chigafa mpaka msana kuuma. Iwo anangoti, "Iwe Naphiri, kakonzetse, ugulenso nsambo. Ngongole ya feteleza ndi yanga, si yako." Botolo la uchi analisiya pawindo, ndimu ndi jinja zili pambali.

Magetsi atazima pa nyimbo yachisanu ndi chimodzi ndinati basi zathera pano. Inu munayatsa matochi a mafoni, holo yonse mbee! Ndiye mumdimamo amene anayamba kuvomera nyimbo ndani? Omwewo, ndi nthungululu pamwamba. Gitala yopanda magetsi sinadziwe n'komwe kuti kwachitika kanthu.

Zikomo achimwene amene munakonza khosi lija, silinasunthe. Zikomo amayi a kumpingo chifukwa cha thobwa, anyamata a kabaza amene munatuta mipando osandilipiritsa, ndi nonse ochokera ku Santhe, Chamama ndi Mtunthama. Amene munandifupa, ndalama zanu ndaziwerenga kawiri chifukwa sindimakhulupirira.

Enanu amene munkati mkazi ndi gitala yokha ndi zapamaliro, komanso inu munapempha matikiti aulere kenako foni n'kuzima, musadandaule, mipando yanu inapeza eni ake. Mudzaonera pa Facebook.

Pano azakhali agona pamphasa pabalaza, bedi akana. Akuti ndiwadzutse 5 koloko akakwere galimoto yoyamba, nazale ikudikira madzi. Asanagone andiuza kuti ya pamtondo ija ndinaithamangitsa, munthu atasinja liwiro limenelo chimanga chingatayikire pansi.