Tinakafikadi ku Spinalonga, koma mkangano wa buku sunathe

Amayi Apampando andikumbutsa katatu konse kuti ndilembe za ulendowu. Ndilembe tsopano nkhani isanapindike, chifukwa ndamva kale anthu awiri akusimba kuti pa boti anaima njii, pamene tonse tinawaona atakumbatira chitsulo ndi manja onse awiri.

Otsala inu mukudziwa pomwe zinayambira. Chaka chatha pa gulu lathu lowerenga mabuku tinawerenga The Island, buku la Victoria Hislop la mu 2005 lonena za chilumba cha Spinalonga ku Greece, n'kukangana nalo miyezi itatu. Ankolo ankati wolembayo wathira shuga pa nkhani yowawa: anthu otayidwa pa chilumba chifukwa cha khate angakhale bwanji ndi masitolo, magetsi, mpaka kanema? Amayi Namwino ankati Ankolo sadziwa mtima wa wodwala. A Msungichuma, atatopa ndi phokosolo, anangoti, "Bwanji tingopita tikadzionere?" Walira mvula walira matope. Anakhala iwo omwe otolera ndalama chaka chonse, ndipo ena a ife tinkazimitsa foni kumapeto kwa mwezi.

Tinatera ku Heraklion, pa chilumba cha Crete, tili anthu 9. Za galimoto imene tinabwereka sindinena zambiri. Achimwene a Kamera anatizungulitsa mu Agios Nikolaos kawiri akukana kufunsa njira, mpaka Wamng'ono wathu anawalanda foni. Tinadutsa Elounda dzuwa litapendeka n'kukagona ku Plaka, kamudzi komwe kayang'anizana ndi chilumbacho.

Apa m'pamene ine ndinakhala chete koyamba. Powerenga ndinkaganiza kuti Spinalonga ili kutali, pakati penipeni pa nyanja. Ayi ndithu. Ili pamphuno pomwepa. Ukaima pa gombe la Plaka umaona makoma ndi mazenera ake, ndipo boti limatenga mphindi ngati 10 basi. Ndiye kuti mayi wotsekeredwa kumeneko ankatha kuona utsi ukufuka pa mudzi wa ana ake tsiku ndi tsiku, osawakhudza. Bukuli limanena zimenezi, koma ine ndinazimvetsa ndi maso, osati ndi masamba.

Madzulo amenewo ndiye kunali nkhani. Mwini malo odyera anatibweretsera dakos, buledi wouma wonyowetsedwa ndi tomato, tchizi ndi mafuta a olivi, ndipo tonse tinamuyamikira. Kenako kunabwera mbale ina yonunkhira bwino. A Mlembi anatolamo ziwiri, n'kufunsa kuti kanyama kameneka n'kotani. Nkhono. Zokazinga, zigoba zake zili pompo. Anaika foloko pansi mwaulemu ngati akupereka chopereka, ndipo Wamng'ono wathu, wopanda manyazi uja, anati, "Amayi, paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Dekhani muwaone." Tinaseka mpaka anthu a tebulo lina anatembenuka. Amayi Apampando anadya zisanu ndi imodzi, ndinawerenga ndine, ndipo asakane.

Koma mfumu ya usikuwo ndi Ankolo. Ku Crete ukamaliza kudya amakonda kukupatsa kabotolo ka raki kaulere, kachakumwa koyera mbee ngati madzi. Ankolo, amene mukudziwa kuti choledzeretsa sichinadutsepo pakhosi pawo chibadwire, anali ndi ludzu la mchere wa nkhono zomwe ankati sanadye. Anathira m'tambula n'kugugudiza kamodzi. Maso anatuluka. Anaimirira, anakhala, anaimiriranso. Atapeza mpweya anati, "Ana inu, madzi a kuno ali ndi mlandu." Kuyambira pamenepo aliyense akafuna madzi pa ulendo wonse ankafunsa kaye ngati ali ndi mlandu.

M'mawa kunali mphepo, ndipo za pa boti ndanena kale.

Tinalowa pa khomo lomwe odwala ankalowera, njira yamdima yokhota yoboola khoma la linga, imene anaitcha Chipata cha Dante, mlakatuli wa ku Italy amene analemba za chipata cha ku gehena, chifukwa wolowayo sankadziwa chomwe chili kutsogolo. Achimwene a Kamera, omwe salekeza kulankhula, sanajambule chilichonse m'menemo.

Mayi wotitsogolera anatipatsa mbiri, ndipo ndiilemba monga mwa lamulo la gulu. Lingalo linamangidwa ndi anthu a ku Venice kuyambira mu 1579, ndipo Aturuki analilanda mu 1715. Mu 1903 boma la Crete linagamula kuti chilumbachi chikhale cha odwala khate, oyamba n'kufika mu 1904, kudzakhala m'nyumba zomwe Aturuki anasiya. Malowa anatsekedwa mu 1957 mankhwala atapezeka, ndipo odwala otsala anawapititsa ku chipatala cha ku Athens. Womaliza kuchoka anali wansembe, mu 1962, yemwe anatsalira kuti azichita mapemphero okumbukira akufa monga mwa mwambo wa mpingo wa Orthodox. Amayi Namwino anawonjezera zawo: kachilombo ka khate kanapezedwa ndi Hansen wa ku Norway mu 1873, matendawa sapatsirana msanga monga anthu ankaopera, ndipo lero amachizika ndi mankhwala ophatikiza omwe amaperekedwa ulere.

Mkangano unabuka pa msewu waukulu wa pa chilumbapo, pomwe nyumba zina anazikonza n'kupaka zitseko utoto. Mayi wotitsogolera uja anatchula Epaminondas Remoundakis, mnyamata wophunzira zamalamulo ku Athens yemwe anabweretsedwa kuno mu 1936. Iyeyu anasonkhanitsa odwala anzake n'kupanga bungwe lawolawo, ndipo anavutitsa boma mpaka laimu wopaka nyumba anabwera, misewu inayamba kusesedwa, jenereta inafika. Anthu ankakwatirana, ana ankabadwa, kanema ankaonetsedwa. Amayi Namwino anatembenuka pang'onopang'ono.

"Ankolo, mwamva? Shuga uja ndi ameneyu."

"Ndamva, Amayi. Koma mwamvanso chaka? 1936. Nanga zaka 32 zoyambazo anthu ankakhala bwanji?"

Ndinene maganizo anga, poti lipoti ndi langa. Onse awiri anali ndi mfundo, koma ya Ankolo inandilasa kwambiri. Magetsi analikodi, wolemba sananame. Koma nthano imafuna munthu woti umukonde, chikondi choti uchidikirire, ndiye imathamangira zaka zomwe moyo unayamba kuoneka ngati moyo. Amene anafika poyamba, kugona m'mabwinja, kumwa madzi a mvula a m'zitsime za linga, alibe wowasimba. Ndipo zabwino zija sizinagwe kumwamba, odwala anachita kuzilimbirana okha.

Amayi Namwino anapambana pena. A Mlembi atanena kuti "akhate", anawadula pomwepo: tizinena kuti odwala khate, chifukwa munthu si matenda ake. A Mlembi anayankha kuti ndi mmene tinakulira tikunenera, ndipo anapitiriza kung'ung'udza mpaka pa tchalitchi cha Agios Panteleimon. Koma titafika ku manda, komwe kuli mizere ya masilabu a simenti, ambiri opanda dzina, ndi iwo amene anayambitsa nyimbo, motsitsa mawu. Alendo ena anaima kutimvera. Amayi Apampando analira, ine ndinanamizira mphepo.

Chilumba chonse tinachizungulira mu ola limodzi ndi theka, ndi kupuma komwe. N'chaching'ono choncho.

Zikomo a Msungichuma chifukwa chotipirira, ndipo euro iliyonse inalembedwa, ngakhale ya ayisikilimu amene Wamng'ono wathu anagwetsa m'nyanja. Zikomo Amayi Namwino chifukwa cha mapiritsi a chizungulire, omwe ena anawakana pa gombe n'kuwapempha boti litangonyamuka. Achimwene a Kamera, zithunzi 400 zija tikuzidikirabe, ndipo chonde chotsanimo chija ndatsegula pakamwa. Amene munatsala kusunga ana a anzanu, Mulungu akudalitseni, mafuta anu a olivi ali kwa Amayi Apampando, kupatula botolo limodzi lomwe linasweka m'chikwama cha a Mlembi pamodzi ndi diresi lawo la ku tchalitchi.

Ankolo apempha kuti tikakumana mwezi wamawa tibwerezenso mitu ya pa chilumba ija, akuti ali ndi mafunso atsopano. Amayi Namwino avomera. A Msungichuma akuti aliyense abwere ndi madzi akeake.