Utsi wobisika m'khoma la nyumba

M'maphunziro anga a zomangamanga ku MUBAS, ku Chichiri, tinapatsidwa ntchito yowerengetsa mpweya wa kaboni umene umatuluka nyumba isanalowedwe n'komwe, kuyambira pokumba dothi ndi miyala, pootcha njerwa, popanga simenti ndi zitsulo, mpaka ponyamula zonsezi pa malole. Aphunzitsi athu amautchula kuti embodied carbon, koma ine m'kope langa ndinalemba kuti utsi wobisika m'khoma, popeza nyumba ikapakidwa penti palibe amene amakumbukira nkhuni zimene zinapsa kuti khomalo liime.

Ndinasankha nyumba imene amalume anga akumanga ku Machinjiri, ndipo ndinapitako ndikudziyesa wodziwa kale yankho. Kuyambira mu 2018, malamulo amene anakhazikitsidwa kudzera ku NCIC, bungwe limene linkayang'anira ntchito zomangamanga m'dziko muno, amaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi zamalonda, ndipo aliyense amene wayang'ana phiri la Ndirande kapena la Soche, mmene linameteka mpala, sangafunse chifukwa chake. Ngakhale kuti si njerwa zokha zimene zinatha mitengo, popeza makala ndi minda zili ndi mbali yake, matope amene anatsika ku Chilobwe nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023 anatiphunzitsa mtengo wake wa phiri lopanda mizu. Choncho m'mutu mwanga nkhani inali yachidule: amalume asiye uvuni, agule mabuloko a simenti.

Uvuni wa amalume ndinaupeza utazizira, anyamata akuphwasula. Pansi pake panali phulusa la zipika za bulugamu ndi mtengo wamango wathunthu umene unadulidwa kwa aneba. Njerwa za m'mphepete zinali zosapsa bwino, moti ndinafikisa ngodya ya imodzi ndi chala n'kuona ikuyoyoka, pamene za pafupi ndi moto zinali zakuda ndi zokhota. Chimene sindinachiganizirepo ndi chakuti njerwa zosalingana zimadya simenti, pakuti mmisiri amakhuthulira matope ochindikala pakati pa mizere kuti khoma liwongoke, kenako amabisa zonse ndi pulasitala wochindikalanso.

Nditayamba kuwerengetsa za simenti, kunyada kwanga kunatha. Simenti imachokera ku klinka, amene amapangidwa pootcha miyala ya laimu m'ng'anjo yotentha pafupifupi madigiri 1,450, ndipo vuto lalikulu silili pa malasha oyatsira okha ayi. Mwala wa laimu ukapsa umatulutsa wokha mpweya wa kaboni, pafupifupi theka la tani pa tani iliyonse ya klinka, moti ngakhale ng'anjoyo itayendera magetsi a dzuwa mpweya umenewu ungatulukebe. N'chifukwa chake simenti yokha imapereka pafupifupi 8 peresenti ya mpweya wa kaboni umene anthu amatulutsa padziko lonse. Buloko la simenti limapulumutsa mtengo wa ku Machinjiri, zimenezo n'zoona, koma utsi wake umakhala utatuluka kale kwina kumene ife sitikuona, ndipo pamwamba pake pali dizilo wa lole ndi mchenga umene tikukokolola m'mitsinje.

Ndinawerenganso za simenti yotchedwa LC3, imene akatswiri a ku Switzerland, Cuba ndi India anakonza posakaniza klinka wochepa ndi dongo lootcha komanso laimu wopera, ndipo imatha kuchepetsa mpweyawu ndi pafupifupi 40 peresenti. Koma chimene amalume angachigwire ndi manja lero ndi njerwa za SSB, zopangidwa ndi dothi la pamalopo losakaniza ndi simenti pang'ono, nthawi zambiri yosapitirira gawo limodzi mwa magawo 10, n'kulipanikiza pa makina oyendetsa ndi manja popanda moto uliwonse. Ndinathira dothi la pa puloti m'botolo la madzi, ndinakhutchumula, ndipo m'mawa mwake mchenga unali utakhazikika pansi ndi dongo lochepa pamwamba, chizindikiro chakuti dothilo lingathe kugwira ntchito.

Amalume anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Mphwanga, ukufuna anthu azinena kuti ndamanga ya zidina?" Funso limeneli silinali m'mabuku athu, koma ndi limene likulamula zimene anthu amagula, chifukwa kwa ambiri njerwa yosalowa pamoto ndi chizindikiro cha umphawi. Ndinawakumbutsa kuti nyumba ya Mandala, ya mu 1882, idakali chiimire pakati pa mzinda ngakhale inamangidwa ndi zipangizo za pamalo pomwepo, ndipo chimene chimasunga khoma la dothi ndi maziko okwera ndi denga lotuluka bwino kuti mvula isamalimenye.

"Amalume, tiyeni tiyesere pa khitchini yapanja yokha," ndinatero, ndipo atawerengetsa ndalama za nkhuni ndi za pulasitala anavomera monyinyirika. Tinabwereka makina kwa masiku awiri, ndipo pano njerwazo zili pansi pa pulasitiki, tikuzithirira madzi m'mawa uliwonse podikira kuti masiku 28 akwane. Zitatu mwa izo ndizitengera ku labu kuti tikazithyole pa makina oyezera kulimba, ndipo amalume anena kuti akufuna akadzionere okha.