Zimene zili kuseri kwa botolo la mafuta odzola

Temu ino pa kosi yathu ya kusamalira khungu ndi tsitsi kuno ku Dedza takhala tikuphunzira kuwerenga timalemba ting'onoting'ono ta kuseri kwa mabotolo a loshoni, sopo ndi mafuta odzola. Ndi phunziro limene ndingakonde aliyense wogwira ntchito mu saluni atalidziwa asanakhudze nkhope ya munthu.

Mndandanda wa zinthu zimene athira m'botolo salemba mwachisawawa. Chimene chachuluka m'botolo chimayamba, zinazo n'kumatsatira mpaka kumchira. N'chifukwa chake loshoni zambiri zimayamba ndi Aqua, madzi basi. Ndiye mukaona kutsogolo ajambula tsamba lalikulu la aloe vera koma dzina lake lili kumapeto kwenikweni, dziwani kuti anangodontheza. Kachithunzi ka kabotolo kovundukula kolembedwa 12M kakunena kuti mukatsegula, pakatha miyezi 12 mutaye.

Mayina ataliatali ambiri ngosaopsa. Tocopherol ndi vitamini E. Glycerin ndi yemwe uja timathira m'mafuta mu Juni, chisanu chikatituwitsa mbuu n'kung'amba zidendene. Oopsa enieni ali m'mafuta oyeretsa khungu, ndipo apa tinakhalitsapo.

Hydroquinone imaletsa khungu kupanga melanin, utoto umene umatipatsa kudaku komanso kutitchinjiriza ku dzuwa. Madokotala amaipereka pa mawanga, kwa miyezi yochepa. Munthu akaidzola zaka, masaya amayamba kuda mopitirira poyamba, kuda kwake kokhala ngati kupsa. Nthendayi amati ochronosis ndipo imavuta kuchiza. Zomvetsa chisoni n'zakuti mwini wake akaona kudako amawonjezera mafuta omwewo. Ku South Africa anailetsa m'zodzoladzola mu 1990, mayiko a European Union mu 2001, ndipo dziko la Rwanda linayamba kuchotsa mafuta oyeretsa khungu m'misika mu 2018.

Timachubu ta clobetasol ndi betamethasone si zodzola n'komwe, ndi mankhwala a nthenda za pakhungu, a gulu la steroid. Amayeretsa msanga, n'chifukwa chake amayenda malonda. Koma khungu limapyapyala mpaka timitsempha kuonekera, m'khwapa ndi m'ntchafu mumatuluka mizere yosafufutika, zipere ndi ziphuphu zimabuka, bala likachitika limachedwa kupola. Wodzola thupi lonse nthawi yaitali angathe kukwera BP ndi shuga.

Mercury ndiye wandidetsa nkhawa koposa. Amawononga impso ndi mitsempha, ndipo amafika kwa mwana ali m'mimba kapena kudzera mu mkaka wa m'mawere. Ngakhale mwana wongogwiritsa ntchito thaulo limodzi ndi mayi ake sapulumuka. Pangano la Minamata la mu 2013, lotchedwa dzina la tauni ya ku Japan kumene nthenda yobwera ndi mercury inadziwika mu 1956, linaika malire a miligalamu 1 pa kilogalamu, kenako mu 2023 mayiko anagwirizana zomuletseratu m'zodzoladzola pofika 2025. Akalembedwa amaoneka ngati calomel kapena mercurous chloride, koma kawirikawiri wopanga salemba n'komwe.

Kwathu kuno malire ali pafupi. Pa Lizulu ukangowoloka msewu uli ku Mozambique, choncho katundu wolembedwa Chipwitikizi si wachilendo. Zimenezo sizindivuta, poti mayina a mumndandanda uja sasintha ndi chilankhulo. Chondivuta ndi zosakaniza: munthu afinyira machubu awiri atatu mu loshoni wamba, athira mafuta ena a m'kabotolo, avundula, aika m'kachitini kopanda pepala, basi wayamba kugulitsa kwa anzake pa WhatsApp. A Malawi Bureau of Standards ndi a PMRA, bungwe loona za mankhwala, angayese katundu wa m'mashopu, koma kachitini kosakanizira kuchipinda adzakapeza bwanji? Apa luso lathu lowerenga lija limathera panjira.

Chatsala ndi maso ndi pakamwa. Aphunzitsi amati tiziyang'ana mfundo za zala ndi zigongono, chifukwa zimatsalira zakuda nkhope itayera, kenako tifunse mwaulemu kuti, "Amayi, masiku ano mukudzola chiyani?" Khungu lotere sitilipala kapena kuliika nthunzi, lingasupuke. Komanso sitiuza kasitomala kuti asiye lero lomwe, chifukwa amene wazolowera steroid akasiya mwadzidzidzi nkhope imafiira, kuyabwa ndi kutupa, ndiye amabwerera ku chubu chomwecho. Timamuuza apite kuchipatala atanyamula zonse zimene amadzola, ndi kachitini kaja komwe.